Musanagule Njinga Yaliwiro ku Zomba, Yang'anani Kaye Phiri

Njinga yanga yoyamba ya mtundu umenewu ndinagula ndi maso. Inali yofiira, yopepuka moti ndinainyamula ndi dzanja limodzi, mahandulo ake opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Loweruka lotsatira ndinaloza msewu wa ku Ku Chawe. Ndisanafike n'komwe pakati pa chitunda ndinali nditatsika, ndikuikankha, abambo otsika ndi mitolo ya nkhuni pa njinga zawo akundipatsa moni wachisoni. Njingayo sinali yoipa ayi. Inali yaikulu kuposa msinkhu wanga, ndipo magiya ake anali a anthu okhala kuchidikha. Zonsezo ndikanaziona pa mphindi zisanu ndikanadziwa poyang'ana. M'munsimu ndalemba poyang'anapo, motsatana monga mmene ndingachitire lero.

Choyamba: mukufuna kuyenda msewu uti?

Funso ili liyankheni moona mtima musanatulutse ndalama. Njinga yaliwiro inapangidwira tala. Ilibe kaliyala, sinyamula thumba la chimanga, sinyamula mwana wopita kusukulu, ndipo pa mchenga imaterereka ngati mlamba. Ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku ndi wa m'tinjira ta ku Chikanda kapena misewu yafumbi yolowera kumidzi ya ku Chilwa, gulani njinga ya matayala onenepa, mudzandithokoza. Ngati mukufuna yonyamulira katundu, Buffalo ndi zinzake zamtundu wa akabaza zilipo.

Koma ngati mtima wanu uli pa msewu wa M3, kudzuka m'mamawa n'kulowera ku Thondwe ndi Namadzi, tsiku lina n'kudzafika ku Blantyre komwe ndi makilomita oposa 60, kapena kudutsa Domasi n'kutsetsereka mapiri a Machinga mpaka ku Liwonde, ndiye tiyeni tipitirire. Ingokumbukirani kuti Zomba alibe malo athyathyathya ambiri. Tauniyi ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, nsonga ya Malumbe pamwamba pa phiri imapitirira mamita 2,000, ndipo amene watsetsereka kupita ku Liwonde adzakwera pobwerera. Chilichonse chimene chikubwerachi chikuchokera pamenepo.

Chachiwiri: yezani thupi lanu musanaone njinga iliyonse

Njinga zimenezi zili ndi masaizi ngati nsapato. Njinga wamba timangotsitsa chishalo basi, aliyense n'kukwera, kuyambira agogo mpaka mdzukulu. Iyi sizitero. Mumakhala mutawerama kwa maola, ndiye felemu ikatalika, khosi, msana ndi mikono zimayamba kudandaula musanafike pa Songani.

Vulani nsapato, tsamirani khoma, ikani buku pakati pa miyendo n'kulikweza mpaka likugundeni monga chimachitira chishalo. Wina ayeze kuchokera pansi mpaka pamwamba pa bukulo. Tinene kuti mwapeza masentimita 80. Chulukitsani ndi 0.66, mupeza pafupifupi 53: saizi ya felemu yanu ili cha pamenepo, 52 kapena 54. Kawirikawiri munthu wamtali masentimita 165 amakwanira pa 50 kapena 52, wa 175 pa 54 kapena 56, wa 183 pa 56 kapena 58. Makampani amasiyana kayezedwe, ena amangolemba S, M kapena L, choncho nambala ndi poyambira chabe. Mukaima njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi, mtanda wa pamwamba usakugundeni. Pakhale mpata wa zala ziwiri. Mukagwera pakati pa masaizi awiri, tengani yocheperapo. Yaing'ono pang'ono imakonzeka pokweza chishalo. Yaikulu ilibe mankhwala.

Ndikutsindika izi chifukwa njinga zambiri zakaunjika zimachokera kumayiko a anthu ataliatali, ndipo za 58 ndi 60 zimavuta kugulitsa kuno. Wogulitsa adzakuuzani kuti muzolowera. Simudzazolowera.

Amayi ndi atsikana, lamulo ndi lomweli. Chimene chimasintha kwambiri ndi chishalo ndi kutambalala kwa mahandulo, ndipo zonsezi zimasinthika pambuyo pake.

Chachitatu: werengani mano

Apa ndi pamene ine ndinagwera, ndiye ndichedwapo.

Kutsogolo, pamene pali mapedalo, pali magudumu awiri a mano. Kumbuyo kuli mulu wa timagudumu, kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Pokwera phiri mumagwiritsa ntchito laling'ono la kutsogolo ndi lalikulu la kumbuyo. Manambala awiri amenewa ndiwo adzagamule ngati mudzafike pa damu la Mulunguzi muli pachishalo kapena mukuyenda pansi. Kawirikawiri amadindidwa pachitsulopo. Akafufutika, gwadani muwerenge mano ndi chala, musachite manyazi.

Njinga zakale zambiri zili ndi 52 ndi 42 kutsogolo, kumbuyo lalikulu lili 23 kapena 25. Zina zili ndi 53 ndi 39. Zimenezi zinapangidwira anyamata a mpikisano a ntchafu ngati mitondo. Chimene mukufuna inu ndi 50 ndi 34 kutsogolo, ndipo kumbuyo lalikulu likhale 32 kapena 34. Pa 28 mukhoza kupirira ngati muli ndi mphamvu kale.

Kusiyana kwake nayi. Gudumu la njinga yotere likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.1. Pa 42 ndi 23, kupalasa kamodzi kumakukankhirani mamita 3.8 kukwera phiri, ndipo mphamvu yonseyo ikuchokera m'mawondo anu. Pa 34 ndi 32 mumayenda mamita 2.2 okha. Mumachedwa, inde, koma miyendo imazungulira mopepuka, mpweya umakwanira, ndipo mumafika. Yanga yofiira ija inali ya 42 ndi 23.

Nanga magiya akhale angati? Anthu amakonda kunyadira nambala yaikulu, koma kwa oyamba kumene ine ndimati 8 kapena 9 kumbuyo n'zokwanira. Pa zida za Shimano, zimene ndi zofala kwambiri, kawirikawiri Claris ndi ya 8, Sora ya 9, Tiagra ya 10, ndipo 105 imayambira pa 11 m'mitundu yatsopano. Magiya akachuluka tcheni chimaonda, chimadula, ndipo chikatha mudzachita kuitanitsa kutali. Tcheni cha 8 ndi chimodzimodzi ndi cha njinga zambiri zamagiya zimene zadzaza m'misika yathu, ndiye kuchipeza sikuvuta. Pali zida zina zabwino za ku Italy zotchedwa Campagnolo. Mukaziona ziyamikireni n'kudutsa, chifukwa sipeyala yake kuno ndi ya maloto.

Onaninso posinthira magiya. Njinga zatsopano zimasinthira pa zogwirira mabuleki zomwezo, ndipo n'zokoma kwambiri. Koma chimodzi chikathyoka m'kati, nthawi zambiri sichikonzeka, ndipo mtengo wake ukhoza kuyandikira theka la mtengo wa njinga yakaunjika. Zakale zili ndi timizati tiwiri pa felemu. Sitioneka bwino, koma mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo amatitha. Musanyoze njinga chifukwa cha timizatito ngati saizi ndi mano zili bwino.

Chachinayi: matayala, ndi msampha wa nambala 28

Pambali pa tayala pali manambala. Funani olembedwa motere: 28-622 kapena 700x28. Nambala ya 622 ndi kukula kwa limu m'mamilimita, ndipo ndiyo saizi ya njinga zaliwiro za masiku ano. Nambala inayo ndi kunenepa kwa tayala.

Msampha uli apa. Matayala a njinga za akabaza, amene ali paliponse mu msika wa Zomba, amatchedwanso 28, koma limu lake ndi la 635. Salowa pa njinga yanu ngakhale mutalimbana nawo tsiku lonse. Palinso njinga zakale kwambiri zolembedwa 27, za limu la 630. Zimaoneka ngati zofanana ndi 622, koma tayala la inzake silikwanira, ndipo matayala a 630 akusowa. Njinga ya 630 ndingaigule pokhapokha wogulitsa atandionetsa kumene ndizikagula matayala.

Pa kunenepa, pewani 23. Misewu yathu ili ndi maenje, zigamba, mchenga wa m'mphepete ndi mabampu pa malo ochitira malonda. Tayala loonda likagunda mphepete mwa dzenje, chubu chimapanikizika pa limu n'kuboola mabowo awiri oyandikana ngati mano a njoka. La 28 ndi labwino, la 32 kuposa pamenepo. Choncho yang'anani mpata pakati pa tayala ndi foloko, komanso kumbuyo pakati pa tayala ndi felemu. Njinga ikabwera ndi 23 koma mpata ulipo, mudzasintha. Ngati 23 yomweyo yatsala pang'ono kukhuza, ndiye kuti mwamangidwa nayo moyo wonse.

Kenako valavu. Zambiri zili ndi valavu yoonda yaitali ya kanati pamwamba, imene amaitcha Presta. Pampu ya pa filing'i sitesheni siigwira popanda kachitsulo kolumikizira. Kachitsuloko n'kotchipa, gulani tiwiri, kena kazikhala m'thumba. Ndipo mufunika pampu yanuyanu yokhala ndi geji, chifukwa matayalawa amafuna mpweya wambiri ndipo amaphwa pang'onopang'ono ngakhale asanabooke. Munthu wa makilogalamu 70 pa tayala la 28 amapopa cha m'ma 70 mpaka 80 psi, womwe ndi muyezo wa mpweya pa geji. Malire ake alembedwa pa tayala pomwepo.

Chachisanu: felemu ndi mabuleki

Apa sindichedwa. Ya aluminiyamu ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ndipo njinga yonse imalemera makilogalamu 9 mpaka 11. Ndiyo ndingakusankhireni. Yachitsulo imalemerako, koma imapirira, ndipo ikathyoka owotcherera akhoza kuilumikiza. Ya kaboni isiyeni kaye. Imatha kusweka m'kati osaonekera kunja, ndipo simudziwa kuti inagwa kangati isanakwere sitima.

Mabuleki ogwira pa limu ndi osavuta, mphira zake zimapezeka, koma pa mvula amachedwa kugwira. A disiki amagwira bwino ngakhale kukugwa mvula, ndipo Zomba mvula amaidziwa. Mukasankha a disiki, tengani okoka ndi waya. Amafuta ndi okoma m'manja koma akafuna kukonza amafuna zida zake.

Chinthu chimodzi chimene ambiri sauzidwa: finyani buleki ya kumanja muone gudumu limene lagwira. Njinga zochokera ku Britain nthawi zambiri dzanja lamanja limagwira kutsogolo, pamene za ku America ndi Canada dzanja lamanja limagwira kumbuyo. Zidziweni muli pabwalo, osati mukutsika Ku Chawe galimoto ya matabwa ili patsogolo panu.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama ndi kogula

Mitengo ya zinthu zochokera kunja sikhazikika. Aliyense akukumbukira mmene zinadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye mitengo yendani mufunse nokha malo atatu kapena anayi sabata yomwe mukugulayo. Langizo langa ndi la kagawidwe: pa ndalama zonse zimene mwasunga, patulani gawo limodzi mwa magawo asanu lisapite ku njinga. Limenelo ndi la helemeti, pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu, timasipanala ta makona sikisi ta 4, 5 ndi 6, nyali ya kutsogolo ndi yofiira ya kumbuyo, ndi loko. Helemeti yokha gulani yatsopano, chifukwa imene inagundapo pansi ntchito yake inatha ngakhale ikuoneka yosalala. Kabudula wa thonje pansi akhoza kudikira mwezi wamawa, ngakhale matako adzakukumbutsani.

Kogula kulipo kutatu. Pali ogulitsa njinga zakaunjika, muno mu Zomba komanso ku Limbe ndi Blantyre, ndipo kumeneko ndi kumene ambiri timayambira. Pali anthu ogulitsa zawo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Kumeneku kumapezeka zabwino, makamaka kwa amene akusamuka kapena akukwera giredi, komanso ndi kumene kuli akathyali. Lamulo ndi limodzi: musatumize ngakhale tambala pa Airtel Money kapena Mpamba njinga musanaigwire ndi manja. Akakuuzani kuti pali wina akuifuna lero lomwe, muuzeni aitenge. Njira yachitatu ndi kutuma wachibale wa ku Johannesburg kapena kuitanitsa yatsopano. Pamenepo werengerani za mayendedwe ndi msonkho wa MRA, ndipo mutumizireni saizi ndi manambala a mano molemba, chifukwa akangouzidwa kuti "njinga yothamanga" adzakubweretserani imene yamukomera mtundu.

Dzina la kampani lisakuzunguzeni mutu. Giant, Trek, Specialized, Raleigh, onsewa ali ndi zabwino. Komanso zomata za mayina amenewa zimagulitsidwa, ndipo zimamatika pa felemu iliyonse.

Chachisanu ndi chiwiri: iyendereni ngati mukugula ng'ombe

Pitani masana, dzuwa lili pamutu, ndi kansanza, tepi yoyezera, ndipo ngati n'kotheka ndi mnzanu wodziwa njinga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti watsopano pa njinga yakale azikuchititsani kufunsa chimene akubisa.

Pukutani felemu muyang'ane molumikizira monse, makamaka kuseri kwa khosi la njinga (pamene foloko imalowa mu felemu), pansi pa mapedalo ndi pamene palowa chitsulo cha chishalo. Kamzere kakang'ono ngati tsitsi pa aluminiyamu ndi mng'alu, ndipo nkhani yathera pomwepo. Penti wotukumuka kapena wamakwinya kuseri kwa khosi akutanthauza kuti njingayo inagundapo chinthu chamaso. Imani chapatali muone foloko cha m'mbali; ikaoneka yobwerera m'mbuyo, inapindika.

Masulani chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika. Chitsulo chake chimatha kumamatirana ndi felemu moti ngakhale amuna anayi sachizula, ndipo njinga yosasinthika chishalo ndi ya mwini wake wakale, osati yanu.

Nyamulani gudumu lililonse mulizungulitse, diso lili pa mpata wa pakati pa limu ndi mphira ya buleki. Kuvina pang'ono kumawongoleka ndi masipoko. Kudumpha m'mwamba ndi pansi, kapena limu lophwanyika, n'kovuta. Sisitani ndi chala pamene buleki imagwira: ngati pakumbika ngati mbale, limulo latha ndipo tsiku lina lidzang'ambika. Finyani masipoko awiriawiri mumve ngati ena ali lende. Gwedezani gudumu cha m'mbali, gwedezaninso mapedalo. Kugogoda kulikonse ndi mabelingi. Gwirani buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku, dzanja lina lili pakhosi. Mukamva kuti gu gu, khosi ndi lomasuka kapena ladyeka.

Tcheni chiyezeni. Kuchokera pa kamsomali kamodzi, werengani timisomali 24 kutsogolo. Chatsopano chimakwana masentimita 30.5. Chikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, chatha. Chikapitirira ndi mamilimita 3, chadya kale mano a kumbuyo, ndipo mudzagula zonse. Mano akuthwa opendekera mbali imodzi ngati minga akunena zomwezo. Izi sizoletsa kugula, koma ndi zotsitsira mtengo.

Pomaliza imani kumbuyo muyang'ane kachida kosuntha tcheni pa timagudumu ta mano ta kumbuyo. Kayenera kulendewera molunjika pansi. Kakapendekera ku masipoko, kokolowekera kake kapindika, zimene zimachitika kwambiri njinga zikapanikizana mu kontena. Kamawongoleka, koma kakathyoka kupeza kofanana nako ndi ntchito, chifukwa felemu iliyonse ili ndi kake.

Chachisanu ndi chitatu: kwerani, nenererani, lembetsani

Wogulitsa wokana kuti muikwere, musiyeni ndi njinga yake. Siyani chikole ngati akufuna, kapena mnzanu atsale naye. Konzani chishalo kaye: chidendene chikaponda pedalo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Mwa manambala, chulukitsani muyezo wa mwendo uja ndi 0.883, wa masentimita 80 apeza 70.6 kuchokera pakati pa chitsulo chozungulira mapedalo mpaka pamwamba pa chishalo.

Musangozungulira pabwalo. Zomba sasowa chitunda, pezani chimodzi. Sinthani magiya onse mmodzimmodzi, kukwera ndi kutsika. Imirirani pa mapedalo mupondereze mwamphamvu. Tcheni chikalumpha, mano atha. Manja ali pa zogwirira mabuleki, zigongono zikhale zopindika pang'ono, ndipo zala zifike pa mabuleki mosavutikira. Ngati mukuchita kudzitambasula ngati mukuthyola mango a nthambi yakutali, njingayo ndi yaikulu.

Ponenerera musayambe ndi kuinyoza njinga, mwini wake amauma mtima. Tchulani zimene mwapeza ndi mtengo wozikonzera: "Achimwene, njingayi ndaikonda, koma tcheni ndi matayala onse awiri ndikagula zatsopano. Tichotsepo zimenezo." Akakana, thokozani, siyani nambala, nyamukani. Nthawi zambiri foni imalira musanafike pa depoti.

Mukagwirizana, tembenuzani njinga. Pansi pa felemu, pakati pa mapedalo, pali nambala yodindidwa. Ikakhala yopalidwa kapena yokwiriridwa ndi penti wokhuthala, bwezani ndalama m'thumba. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo mawu akuti "ndinangogula" sakupulumutsani msanga kupolisi. Ikakhala bwino, ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi tsiku, mtengo, dzina la wogulitsa ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, mboni isayinire. Jambulani nambalayo ndi njinga yonse pa foni.

Masabata oyamba

Isanayende ulendo wautali, ipite kwa mmisiri: girizi m'mahabu, mawaya atsopano ngati akalewo achita dzimbiri, mphira za mabuleki. Muuzeni asagwiritse ntchito hamala, ndipo mabawuti a pa aluminiyamu asamange ngati a ngolo. Pa tcheni thirani oyilo wopepuka pang'ono n'kupukuta. Oyilo wakuda wotsala mu injini amaitana mchenga. Mapedalo omangirira ku nsapato adikire miyezi ingapo, yambani ndi wamba.

Phunzirani kuchotsa gudumu ndi kusintha chubu muli pakhonde panu, kawiri kapena katatu, kuti tsiku lodzaphulikira tayala pa Namadzi manja adzakhale akudziwa kale. Maulendo oyamba akhale a m'mamawa, makilomita 15 kapena 20, minibasi zisanachuluke. Yendani kumanzere koma osati m'mphepete mwenimweni momwe muli mchenga ndi magalasi, ndipo minibasi iliyonse muziiyesa kuti iima mwadzidzidzi ikangoona munthu wonyamula chikwama.

Phiri lidikire mpaka mwezi utatha. Tsiku lokwera, yambani ndi giya yopepuka kuyambira pansi, nyamulani madzi ndi kajekete chifukwa pamwamba pamazizira, makamaka nyengo ya chiperoni. Potsika ikani manja m'munsi mwa mahandulo momwe mabuleki amagwirika mwamphamvu, finyani n'kusiya, finyani n'kusiya, osakoka mosalekeza chifukwa limu limatentha. Chepetsani liwiro musanalowe pokhota, osati muli pakati pake, poti kuseri kwa khona kumakhala amayi osenza nkhuni, ana ogulitsa zipatso, nthawi zina anyani atakhala pakati pa msewu. Ndalama ya masitiroberi ikani m'thumba la pulasitiki, thukuta lingainyowetse.